Matewe a ana ndi matenda ofewetsa mafupa: mafunso ndi mayankho

M'midzi yambiri simulephera kukhala mwana amene anthu amangomutchula kuti "uja wa matewe". Akamathamanga miyendo yake imaoneka ngati uta, ndipo akuluakulu amati ndi zakumtundu, agogo ake analinso choncho. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma nthawi zina miyendoyo imakhala ikusonyeza kuti mafupa a mwanayo ndi ofewa, matenda amene achipatala amawatcha rickets. Matendawa amapeweka, ndipo akapezeka msanga amachizika ndi zinthu zosaboola m'thumba.

Kodi matendawa ndi otani kwenikweni?

Fupa la mwana limatalika kuchokera kumapeto kwake, pafupi ndi mfundo. Gawo latsopanolo limayamba lili lofewa ngati kafupa ka kukhutu, kenako limalimba thupi likaikamo michere yotchedwa kashiamu ndi fosifolasi. Zinthu ziwirizi zikapereŵera, fupa limapitirizabe kukula koma sililimba. Limakhala ngati njerwa yosawotcha imene mwaisenzetsa denga. Mwana akayamba kuima ndi kuyenda, kulemera kwa thupi kumapinda miyendo pang'onopang'ono.

Vitamini D ndi amene amathandiza matumbo kutenga kashiamu m'chakudya. Vitaminiyu amapangidwa pakhungu dzuwa likaliwomba, ndipo chiwindi ndi impso zimamaliza kumukonza kuti agwire ntchito. Choncho mwana angadwale chifukwa chosowa vitamini D, kapena chifukwa chakuti m'chakudya chake mulibe kashiamu wokwanira, kapena zonse ziwiri pamodzi. Alipo ana ochepa amene amadwala chifukwa cha vuto la impso kapena lobadwa nalo, koma m'mayiko osauka gwero lalikulu ndi chakudya ndi dzuwa.

Dzuwa tili nalo lambiri, nanga matendawa akutipeza bwanji?

Funso limeneli linasokoneza madokotala kwa zaka zambiri, ndipo mpake. Matendawa anadziwika kwambiri ku Ulaya. Dokotala wa ku England, Francis Glisson, anawafotokoza mwatsatanetsatane mu 1650, ndipo mafakitale atachuluka, ana a m'mizinda yodzaza utsi ngati London ndi Glasgow ankapindika miyendo mwaunyinji. Mu 1919 Kurt Huldschinsky wa ku Berlin anachiza ana powawalitsira nyale yotulutsa kuwala kofanana ndi kwa dzuwa, ndipo chaka chomwecho Edward Mellanby anasonyeza kuti mafuta a chiwindi cha nsomba amachiza agalu odwala matendawa. Pofika 1922 vitamini D anali atapatsidwa dzina. Anthu anatseka nkhani: rickets ndi matenda a mayiko ozizira ndi amdima, ku Africa sangakhaleko.

Koma ana opindika miyendo ankafikabe m'zipatala za ku Africa. Mu 1978 John Pettifor, dokotala wa ana wa ku Johannesburg, anafotokoza za ana a kumidzi ya ku South Africa amene ankakhala padzuwa tsiku lonse, magazi awo ali ndi vitamini D wokwanira, koma mafupa ali ofewa. Chakudya chawo chinali chimanga, mkaka osauona. Atapatsidwa chakudya chokhala ndi kashiamu, mafupa anayamba kulimba popanda mankhwala a vitamini D.

Umboni wamphamvu unachokera mumzinda wa Jos ku Nigeria. Mu 1999 Tom Thacher ndi anzake anafalitsa zotsatira za ana 123 odwala matendawa, amene anawagawa patatu n'kuwatsatira kwa milungu 24. Mwa ana amene analandira vitamini D yekha, 19 pa 100 alionse ndi amene anachira bwino. Mwa amene analandira kashiamu yekha anachira 61 pa 100, ndipo mwa amene analandira zonse ziwiri anachira 58 pa 100. Ana amenewa ankadya kashiamu wokwana mamiligalamu pafupifupi 200 patsiku, mlingo wochepa kwambiri kwa mwana amene akukula. Zofanana ndi zimenezi zinapezekanso ku Gambia ndi ku Bangladesh.

Ku Malawi nkhani yake ndi yomweyi. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016, wokhudza ana opindika miyendo ku Blantyre, anapeza kuti ambiri anali ndi limodzi mwa mavuto awiri: rickets yobwera chifukwa chosowa kashiamu, kapena matenda ena a bondo otchedwa Blount. Ndiye kholo likamanena kuti "wanga sangadwale, amasewera panja tsiku lonse", layankha theka la funso. Theka linalo lili m'mbale ya mwanayo.

Kodi nsima yalakwa chiyani?

Nsima ndi yokhutitsa ndipo imapatsa mphamvu, koma m'chimanga kashiamu ndi wochepetsetsa, kaya ndi ufa woyera kaya mgaiwa. Kuwonjezera apo, m'gaga wa chimanga ndi mbewu zina muli chinthu chotchedwa phytate chimene chimagwira kashiamu m'matumbo kuti thupi lisamutenge. Anthu a ku Mexico ndi Guatemala, kumene chimanga chinachokera, amachiphika m'madzi a laimu asanachipere, ndipo zimenezi zimawonjezera kashiamu wambiri. Chimanga chinafika kuno, koma kaphikidwe kameneka kanatsala komweko.

Vuto limayamba mwana akaletsedwa kuyamwa. Pamene ankayamwa, bere linkamupatsa kashiamu. Akasiya, amalowa pa phala la ufa woyera la mchere kapena shuga m'mawa, nsima masana, nsima madzulo. Taonani mmene zimachitikira pamkeka tsiku limene kwaphikidwa matemba. Mayi, chifukwa choopa kuti mwana atsamwa ndi minga, amadula mutu, kuchotsa msana, n'kumupatsa kamnofu kochepa, kapena kungomuthirira msuzi kuti azinyowetsa mbamu. Mitu ndi minga adya akulu, zotsala adya mphaka. Mayiyo akuchita zimenezi mwachikondi, ndipo mantha ake ndi omveka. Koma kashiamu wa nsomba ali m'mafupa omwewo amene achotsedwa.

Ndingadziwe bwanji kuti mwana wanga ali ndi matendawa?

Musadikire miyendo, chifukwa imapindika matenda atakhazikika kale. Pomusambitsa, gwirani mkono wake pomwe dzanja limalumikizana ndi mkono. Mwa mwana wodwala, pamenepa pamatupa n'kuoneka potakata ngati wavala chibangili pansi pa khungu, ndipo sipakhala potentha kapena pofiira. Akakolo nawo amatero. Kenako yendetsani zala pachifuwa, mbali zonse ziwiri. Mukamva timibulu tolimba tondandalika pa nthiti ngati mikanda ya kolona, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu.

Liwombo la mwana wathanzi limatseka akamakwanitsa chaka ndi theka. Likakhalabe lalikulu kupitirira apo, kapena chipumi chikatukuka kwambiri, kaonetseni. Liwombo lolowa m'kati ndi nkhani ina: limasonyeza kuti madzi atha m'thupi, makamaka mwana akamatsekula m'mimba, ndipo limafuna chipatala tsiku lomwelo.

Zina ndi kuchedwa kukhala, kukwawa ndi kuyenda, kuchedwa kumera mano, kufooka kwa minofu, ndi kulira akamaimikidwa chifukwa mafupa akupweteka. Mwana amene anayamba kuyenda kenako n'kumakana, kumangofuna kukhala pansi, si waulesi ayi. Ana okulirapo amadandaula miyendo akayenda kamtunda, ndipo amayenda mopendama uku ndi uku.

Kodi matewe onse ndi matenda?

Ayi. Ana ambiri amabadwa ndi miyendo yopindikira kunja pang'ono chifukwa cha mmene anakhalira m'mimba, ndipo imawongoka yokha akamafika zaka 2. Pakati pa zaka 3 ndi 4 ambiri amakhala ndi mawondo ogundana, zimene zimatha akamafika zaka 7. Zimenezi ndi kakulidwe chabe.

Zodetsa nkhawa ndi pamene kupindika kukuwonjezeka m'malo mochepa, pamene kwapitirira zaka 2 kuli kwakukulu, pamene mwendo umodzi wapindika kuposa unzake, kapena pamene mwana akumva ululu ndipo ndi wamfupi kuposa anzake. Matenda a Blount, amene amapinda fupa la m'munsi mwa bondo, amafanana kwambiri ndi rickets ukamaona ndi maso, koma chithandizo chake ndi chosiyana. Amene angasiyanitse ndi achipatala akajambula mafupa.

Amati kuimika mwana msanga kapena kumubereka kumbuyo kumabweretsa matewe. Ndi zoona?

Kubereka mwana kumbuyo sikufewetsa mafupa. Fupa lolimba silipindika chifukwa cha chitenje, ndipo amayi asadziimbe mlandu pa zimenezi. Kuimika mwana nakonso sikuyambitsa rickets. Chimene chimachitika n'chakuti fupa likakhala lofewa kale, kuima kumaonetsa vutolo poyera. Matendawa si opatsirana, sabwera chifukwa chakuti makolo sanadike, ndipo mphini sizingawongole fupa losowa kashiamu.

Kodi matendawa ndi ofala bwanji?

Dziko la Bangladesh linachita kalembera wa matendawa mu 2008 ndipo linapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse a zaka zapakati pa 1 ndi 15 anali nawo, kutanthauza ana oposa theka la miliyoni. Dera la Chakaria, kufupi ndi Cox's Bazar, ndi limene linatchuka kwambiri, ndipo vutoli linaonekera poyera pamene othandiza anthu anafika kumeneko chimphepo cha mu 1991 chitawononga. Kumeneko ana amakulira mpunga, monga mmene athu amakulira nsima.

M'madera monga Mongolia, Tibet ndi kumpoto kwa China vuto lalikulu ndi kuzizira: ana amakulungidwa thupi lonse kwa miyezi yambiri. Ku Middle East ndi madera ena a India, amayi ndi makanda amakhala m'nyumba kapena ofunda thupi lonse, choncho mwana amabadwa kale ndi vitamini D wochepa. Ku Nigeria, Gambia, Ethiopia, Kenya, South Africa ndi Malawi matendawa alembedwa ndi madokotala, kwina chifukwa cha kashiamu, kwina chifukwa cha dzuwa, kwina zonse.

Ana amene amafika kuchipatala amakhala aja opindika kwambiri. Amene ali ndi zizindikiro zoyambirira amadutsa kusikelo osaonekera, chifukwa sikelo imayeza kulemera ndi kutalika, siigwira nthiti.

Ndi ana ati amene angasowe dzuwa ku Africa kuno?

Alipo, ndipo akuchuluka pamene mizinda ikukula. M'makomboni othithikana a ku Nairobi, madokotala apeza makanda ambiri odwala rickets chifukwa chosowa vitamini D. Nyumba zake ndi zogundana, tinjira take ndi tamdima, ndipo mayi akapita kuganyu m'bandakucha amasiya mwana m'kachipinda kosungiramo ana, mpaka kukamutenga kutada. Ku Delhi kunapezeka kuti ana a m'madera a utsi wambiri anali ndi vitamini D wochepa kuyerekeza ndi a m'madera a mpweya wabwino. Dzuwa lolowera pagalasi la windo silithandiza, chifukwa galasi limatchinga kuwala kumene khungu limafuna.

Ena amene ali pachiopsezo ndi ana obadwa masiku osakwana, popeza kashiamu wambiri amalowa m'mafupa a mwana m'miyezi itatu yomaliza ya mimba. Palinso ana onyentchera, ana amene amamwa mankhwala a khunyu monga phenobarbitone kwa nthawi yaitali, ndi ana olumala. Za ana olumalawa ndiyenera kunena mosabisa: mwana amene satha kuyenda yekha satuluka panja pokhapokha wina amutulutse. Kumusiya m'nyumba tsiku ndi tsiku, kaya chifukwa cha kutanganidwa kaya chifukwa cha manyazi, kumamuwonjezera matenda achiwiri amene akanapeweka. Mankhwala a khunyu musasiye, koma funsani adokotala ngati mwanayo akufunika vitamini D.

Ngati mkaka wa m'mawere ndi wabwino koposa, bwanji mwana woyamwa amadwala?

Ndi wabwinodi, ndipo palibe chifukwa chosiyira. Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba, n'kupitiriza mpaka zaka 2 kapena kuposa. Kashiamu wa m'bere thupi limamutenga mosavuta. Chimene chili chochepa m'mkakawu ndi vitamini D, makamaka ngati mayi nayenso ali naye wochepa. N'chifukwa chake akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana, pa mfundo zimene anagwirizana n'kufalitsa mu 2016, analangiza kuti khanda lililonse lizilandira 400 IU (IU ndi muyezo wa mavitamini) ya vitamini D tsiku lililonse kuyambira pobadwa mpaka chaka chimodzi, ndipo amayi oyembekezera azipeza 600 IU patsiku. Madontho a vitamini D a makanda amagulitsidwa m'mafamase ena a m'tauni. Ngati mwana wanu anabadwa masiku osakwana kapena amakhala m'nyumba nthawi zambiri, funsani za madonthowa kuchipatala.

Ndimudyetse chiyani, popeza mkaka ndi wodula?

Malinga ndi akatswiri omwewo, mwana wopitirira chaka amene amadya kashiamu wosakwana mamiligalamu 300 patsiku ali pachiopsezo, ndipo wopitirira 500 ndi wokwanira. Kapu imodzi ya mkaka wa ng'ombe ya mamililita 250 ili ndi pafupifupi 300. Mkaka wa mbuzi ndi chambiko sizisiyana kwenikweni ndi pamenepa. Amene muli ndi mbuzi ya mkaka pakhomo, kapu ya mwana iyambe yadzadza musanapite kukagulitsa, ndipo muziuwiritsa. Mkaka wa ng'ombe usakhale chakumwa chenicheni cha mwana wosakwana chaka, ngakhale mutha kuthirako pang'ono m'phala akadutsa miyezi 6.

Kwa ambiri yankho lapafupi lili pamsika, pa mulu wa usipa, bonya, matemba kapena kapenta. Tinsomba timeneti timadyedwa ndi mafupa omwe, ndipo ku Nigeria komwe kuja nsomba zouma zosinjidwa zinayesedwa pochiza ana odwala n'kuthandiza. Kuti mantha a minga athe, sankhani mchenga, kazingani tinsombato pamoto wochepa mpaka tiume gwa, osadula mitu, kenako sinjani mumtondo ndi kusefa. Zotsala m'sefa bwezerani mumtondo mpaka zonse zisanduke ufa. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, ndipo muzithira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala likamabwata. Mwana akakana fungo poyamba, yambani ndi pang'ono, musakanize ndi nsinjiro.

Mawere ali ndi kashiamu wochuluka kuposa chimanga kutalitali. N'zomvetsa chisoni kuti m'madera ambiri mbewu imeneyi inatsalira thobwa ndi mowa basi, pamene phala lake ndi labwino kwa ana. Masamba monga mpiru, repu, nkhwani, khwanya, chigwada ndi chammwamba amathandizanso, bola mwana adye masamba enieniwo osati msuzi wokha. Bonongwe ali ndi kashiamu wambiri, ngakhale kuti thupi silimutenga yense. Ufa wa malambe, soya, nyemba ndi chitowe zimawonjezera. Vitamini D amapezeka pang'ono m'mazira, m'nsomba zamafuta ndi m'majarini amene anathiramo mavitamini.

Ndalama imene imapita ku zakumwa zotsekemera ndi tokazinga ta m'mapepala ikanagula kamulu ka bonya. Zinthu zimenezi zimadzaza mimba ya mwana, koma mafupa sapezapo kanthu.

Nanga dzuwa, mwana aziwothera nthawi yaitali bwanji?

Mwana amene akuyenda amangofunika kusewera panja tsiku lililonse, manja ndi miyendo zili pamtunda. Khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo kuposa loyera kuti lipange vitamini D wofanana. Kadzuwa ka m'mamawa kwambiri kamafunditsa thupi koma sikapanga vitamini wambiri. Chithunzithunzi cha munthu chikakhala chachitali kuposa mwini wake, kuwala kofunikako kumakhala kochepa. Khanda losakwana miyezi 6 lisaikidwe padzuwa loswa mtengo, chifukwa khungu lake limapsa msanga ndipo madzi amatha m'thupi.

Mwana wachialubino asatumizidwe padzuwa pofuna vitamini D. Kwa iye dzuwa limabweretsa zilonda ndi khansa ya pakhungu. Apitirize kuvala chipewa, zovala zazitali ndi kudzola mafuta oteteza, ndipo vitaminiyo apeze kudzera m'chakudya ndi mankhwala amene achipatala angamulembere.

Vitamini amene amapereka kusikelo si yemweyu?

Ayi. Kambulu kamene amadula n'kudonthezera mwana m'kamwa miyezi 6 iliyonse ndi vitamini A, woteteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda. Ndi wofunika, koma salimbitsa mafupa.

Kodi matendawa angaphe?

Angathe, makamaka kwa makanda. Kashiamu akatsika kwambiri m'magazi, mwana amakomoka ndi kugwedezeka ngati wa khunyu, thupi lisanatenthe n'komwe, ndipo mtima ukhoza kufooka. Nthiti zofewa zimalepheretsa mapapo kugwira ntchito bwino. Ku Addis Ababa, kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1997 anapeza kuti rickets inali yofala kwambiri mwa ana odwala chibayo kuposa mwa ana opanda chibayo.

Palinso vuto limene limadikira zaka zambiri. Mwana wamkazi amene anadwala ali wamng'ono akhoza kukula ndi mafupa a m'chiuno opapatiza, ndipo tsiku lobereka njira imachepa. Mayi amene anali ndi matewe aakulu ali mwana anene zimenezi kusikelo ya amayi oyembekezera, ndipo akachirire kuchipatala chokhala ndi opaleshoni.

Akachira, miyendo imawongoka?

Kuchipatala amajambula dzanja ndi bondo, ndipo kumene kuli zipangizo amayezanso magazi. Chithandizo chake ndi vitamini D wa mlingo waukulu kwa milungu yosachepera 12, pamodzi ndi kashiamu wokwana mamiligalamu 500 patsiku kuchokera m'chakudya kapena mapiritsi. Ululu umayamba kutha msanga, ndipo mwana amene ankangokhala amadzuka n'kuyamba kusewera. Makolo ambiri amasiyira pomwepo mankhwala, koma fupa limakhala lisanalimbe. Malizani, ndipo musawonjezere mlingo panokha, chifukwa vitamini D wochuluka amawononga impso.

Kuwongoka kwa miyendo kumatenga nthawi, chaka kapena zaka ziwiri. Ana aang'ono ambiri amawongoka okha pamene akukula. Amene apindika kwambiri kapena afika mochedwa amafunika opaleshoni. Ngati mwana akukulabe, adokotala amatha kuika kachitsulo kakang'ono mbali imodzi ya bondo kuti mwendo uziwongoka wokha. Ngati wakula, amadula fupa n'kulilumikiza mowongoka. Ku Blantyre, chipatala cha Beit CURE, chimene chinatsegulidwa mu 2002, chimachita maopaleshoni a mafupa a ana, ndipo ku Lusaka kulinso chipatala cha dzina lomweli. Mwana akapatsidwa mankhwala mokwanira koma osasintha, adokotala amafufuza vuto la impso kapena lobadwa nalo.

Tikukhala ku Britain. Zikutikhudza?

Kwambiri. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la ku Britain silikwanira kupanga vitamini D pakhungu, ndipo ana akhungu lakuda ndi ena mwa amene amapezeka ndi rickets kawirikawiri kumeneko. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, amalangiza kuti khanda loyamwa lizilandira vitamini D wokwana mamaikulogalamu 8.5 mpaka 10 tsiku lililonse, ndipo ana a zaka 1 mpaka 4 azilandira 10 chaka chonse. Khanda lomwa mkaka wa m'chitini woposa mamililita 500 patsiku silifunika madontho, chifukwa anathiramo kale. Mabanja oyenerera amalandira mavitamini aulere kudzera mu ndondomeko ya boma yotchedwa Healthy Start. Amayi anu akamanena pafoni kuti "ife tinakulerani popanda madontho", auzeni mwaulemu kuti iwo anakulererani pansi pa dzuwa la ku Dedza kapena ku Chipata.

Ndikapita kuchipatala ndikanene chiyani?

Nyamulani kabuku ka mwana. Fotokozani nthawi imene anayamba kukhala ndi kuyenda, nthawi imene anasiya kuyamwa, ndi zimene anadya dzulo kuyambira m'mawa mpaka usiku, osawonjezera ndiwo chifukwa cha manyazi. Nenani ngati anabadwa masiku osakwana, ngati akumwa mankhwala a khunyu, ndiponso ngati pali abale ena opindika miyendo. Pemphani kuti amugwire manja ndi nthiti, ndipo ngati kuli kofunika akutumizeni kuchipatala cha boma chachikulu kuti akamujambule. Ngati muli ndi foni ya kamera, mujambuleni ataima chilili mapazi atagundana, ndipo muzibwereza miyezi itatu iliyonse pamalo omwewo, kuti adokotala aone ngati mpata wa pakati pa mawondo ukukula kapena ukuchepa.